Nambala 27 pa Thabwa la Mayi Taimani

Ine ndine dalaivala wa katapila, chimakina chokumba chija chokhala ndi chibaketi cha mano achitsulo kutsogolo, ndipo pampando wake ndathapo zaka zoposa makumi awiri. Amene agwirapo nane ntchito angakuuzeni kuti ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindingawatsutse. Lero ndikufuna ndinene za munthu amene ndinamulalatira dzuwa likuswa mtengo, anthu makumi anayi akumva. Chifukwa cha munthu ameneyo mlongo wanga sanasanduke wamasiye, ndipo ine sindinaphe mlamu wanga ndi manja angawa.

Tinkawatchula kuti Mayi Taimani. Dzina lawo lenileni linali pakhadi lomwe ankakoleka m'khosi, koma ndani ankaliwerenga? Anali oyang'anira za chitetezo pamalo pomwe tinkakumba ngalande zoikamo mapaipi otaya madzi a mvula, mapaipi a konkireti akuluakulu oti munthu wamkulu n'kukwawamo bwinobwino. Mayiwo anali aafupi. Chisoti chawo choyera chinkawakulira moti ankachita kuikamo kansalu mkati, ndipo jombo zawo zinali zachimuna chifukwa kampani sinkagula zazing'ono. M'khosi momwemo munkalendewera wezulo. Ukangomva wezuloyo unkadziwiratu mawu otsatira: "Taimani kaye." Sankakuwa ayi. Ankangonena motsitsa ngati akukupatsa moni, koma ntchito inkaimadi.

Mayiwo sanachite kutsika m'galimoto kuchokera ku ofesi. Anayamba ali mtsikana ngati wotunga madzi, kusenza ndowa kupita nazo kwa osakaniza simenti. Kenako anawaika kosesa ndi kuphika tiyi mu ofesi ya malata, kenako kustolo, kopereka mafosholo m'mawa ndi kuwalandira poweruka. Tsiku lina kampani inafuna munthu woti akaphunzire za chithandizo choyamba, amuna onse n'kukana, ati zomanga mabala ndi za anamwino. Iwo anakweza mkono. Kuchoka apo anayamba sukulu ya Loweruka, zaka zinayi zathunthu, amuna awo, omwe anali telala, akutsala ndi ana aakazi atatu pakhonde pomwe ankasokera. Choncho panalibe bodza lathu lomwe sankalidziwa. Ankadziwa amene amabisa chisoti mu wilibala kukatentha, amene wabwera ndi matsire, ndiponso makwerero amene tawamanga ndi waya pomwe anathyoka.

M'mawa uliwonse tisanagwire chida ankatiimika pamzere kwa mphindi khumi. Ankalankhula za mgolo wa madzi akumwa kuti uzivundikiridwa, za fumbi la simenti, za sopo wa kuchimbudzi yemwe ankasowa ngati ali ndi miyendo. Tangoganizani, amuna a ndevu zathu kufunsidwa ngati tasamba m'manja. Mvula ikagwa ankayenda m'mphepete mwa ngalande ndi kachitsulo kawo katali, akubaya pansi ndi kuyang'ana ming'alu. Ine ankalimbana nane pa nkhani ya dothi. Ankafuna kuti ndikakumba ndizilitaya kutali ndi m'mphepete, chifukwa mulu ukalemera umagwetsa khoma la ngalande. Kutaya patali kumachedwetsa ntchito, ndiye ine ndinkatsala pakati, kuno wezulo, uko akapitawo akundilozera wotchi. Akapitawo ankati mayi awa adzatichotsetsa ntchito tonse.

Pali chinthu chimodzi chomwe ankabwereza mpaka tinatopa nacho. "Khoma likayamba kugwa musathamangire makwerero. Dothi limathamanga kuposa inu. Lowetsani mutu m'paipi, mpweya uli m'menemo." Ife tinkaseka chikhakhali, ati mayi akufuna tisanduke mbewa.

Koma chimene chinkatikwiyitsa kwambiri chinali thabwa lawo. Pafupi ndi makwerero olowera m'ngalande anazika thabwa lokhomedwa misomali m'mizere. Aliyense anamupatsa kachitsulo kobulungira kodulidwa ku lata, kolembedwa nambala yake ndi penti. Lamulo linali lakuti polowa m'ngalande ukoleke nambala yako pamsomali, potuluka uichotse, ndipo uchite zimenezo ndi dzanja lako, osati kutuma mnzako. Thabwa likakhala ndi nambala, ndiye kuti pansi pali munthu. Ngakhale ine amene sindinkatsika pampando anandipatsa yanga, nambala 9, ndipo ndinaiponya m'bokosi la masipanala n'kuiiwala.

Vuto linali lakuti anthu ankaiwala. Munthu ankatuluka m'ngalande, njala itamugwira, n'kusiya nambala yake pamsomali. Ndiye mayiwo sankalola kuti tiweruke kufikira mwini nambalayo aoneke ndi maso. Tsiku lina Lachisanu tonse tinaima pageti theka la ola chifukwa cha mkulu wina wonyamula matabwa, ndipo amene anamutuma kukamufuna anali ine. Ndinakamupeza pamalo okwerera basi akukazinga nkhani ndi anzake, alibe nazo n'kanthu komwe. Nditabwera naye ndinawauza mayiwo kuti thabwa lawo akaphikire nyemba. Iwo anangoti, "Zikomo adalaivala, mwamupeza," n'kumupatsa mkuluyo nambala yake m'manja.

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, ndinamulowetsa ntchito pamenepo ndine. Anali atakhala chaka chathunthu pakhomo fakitale yomwe ankagwirako itatsekedwa, ana ali awiri, wachitatu ali m'njira. Ndi munthu wofatsa, wosayankha, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Tsiku loyamba mlongo wanga anatiperekeza mpaka pamsewu, ndipo anandigwira malaya. "Achimwene, mwawatenga ndinu. Muzibwera nawo ndinu." Ndinamuseka kuti kodi tikupita kunkhondo, koma mawuwo ndinawamva.

Alamu anawaika m'gulu loyala mapaipi, ndipo anaphunzira msanga. Atalandira malipiro oyamba anakagula levulo yawoyawo, kachipangizo koonera ngati paipi yagona bwino, ndipo ankaipukuta ndi malaya ngati mwana. Nambala yawo inali 27. Pa anthu onse aja, ndi iwo okha amene ankatsata lamulo la thabwa ngati pemphero. Ngakhale atsike kukangotenga botolo la madzi, ankayamba akoleka. Ine ndinkawanyoza kuti alamu, mayiwa akuikani m'botolo, mawa muzidzakoleka nambala polowa m'bafa. Iwo ankangomwetulira.

Tsiku lomwe ndikunenali kunali kutagwa mvula yamphamvu dzulo lake. Ngalande inali itafika pakuya kopitirira anthu awiri ataimirirana pamapewa, ndipo matabwa otchinjiriza makoma anali atatithera, lole yobweretsa ena isanafike. Cha m'ma 11 koloko Mayi Taimani anapeza mng'alu m'mphepete, wautali ngati mkono. Analiza wezulo, kutulutsa anthu onse, n'kumanga chingwe chofiira pamakwerero. Akapitawo anakalipa, chifukwa injiniya ankabwera 2 koloko kudzaona pomwe tafika, koma mayiwo anati palibe wolowa mpaka matabwa abwere. Ataona kuti thabwa lilibe nambala ngakhale imodzi, anapita kugeti kukaimbira foni a lole.

Nthawi ya nkhomaliro itakwana tinakakhala kuseri kwa stolo, komwe kunali mthunzi. Alamu ndinawaona ndi maso angawa akulowera kugeti, ati akagule buledi. Tili mkati modya tinamva chinthu chikuti dii, nthaka n'kunjenjemera pang'ono. Titathamangira kumeneko tinapeza khoma la ngalande lagwa mbali yonse, dothi lofiira lonyowa litakwirira pomwe panathera mapaipi.

Akapitawo anagwira m'chiuno. "Mwamwayi munalibe munthu. Adalaivala, kwerani, tichotse dothili injiniya asanafike."

Ndinakwera. Ndinaliza makina, ndinawayendetsa mpaka m'mphepete, ndinatukula chibaketi. Ntchito ya mphindi makumi awiri imeneyo, ndipo ndinali nditasankha kale pomwe ndiyambire, pakamwa penipeni pa paipi yomaliza, kuti ndiiyeretse. Apo ndiye ndinamva wezulo.

Mayi Taimani anali atathamanga kuchokera kugeti, koma sanathamangire kungalande ngati tonsefe. Iwo anayamba apita pathabwa. Tsopano anali ataima kutsogolo kwa makina, pansi penipeni pa chibaketi, dzanja lili m'mwamba.

Ndinatulutsa mutu pawindo. "Inu mayi, mukufuna kufa? Chokani apo."

"Taimani kaye. Pathabwa pali 27."

"Aiwala. Alamu angawo apita kogula buledi, ndawaona ndekha."

"Nditatseka ngalande thabwa linalibe kanthu. Ndinaliona."

"Ndiye kuti ine ndine wabodza? Kapena ndine wakhungu?"

Zimene ndinanena pambuyo pake sindingazilembe zonse. Ndinati ndi mayi wa tiyi amene anapatsidwa chisoti mwangozi. Ndinati kuyambira pomwe anabwera tangokhalira kusewera ndi tizitsulo ngati ana. Ndinawakumbutsa za mkulu wa kokwerera basi uja. Akapitawo anathira ndemanga, ena n'kumaseka. Wina anaimba foni ya alamu, ndipo inalira m'jekete lawo lomwe linali pamsomali m'stolo, ine n'kunena kuti mwaona, munthu wangotuluka pang'ono.

Mayiwo anayenda mpaka pamakina, anakwera pachitsulo chopondera, nkhope yawo n'kufika pafupi ndi yanga. Thukuta linali kamukamu, koma mawu anali omwe aja otsitsa.

"Adalaivala, ngati ndalakwitsa, mwataya ola limodzi ndipo mudzanditukwana mpaka ndidzapume ntchito. Ngati mwalakwitsa ndinu, mukamuuza chiyani mlongo wanu? Ndipatseni kiyi."

Sindikudziwa chimene chinandigwira dzanja. Ndinatembenuzira chibaketi kumbali, ndinachitsitsa pansi, ndinazimitsa makina, n'kuwapatsa kiyi mowaponyera.

Analamula kuti jenereta izimitsidwe, makina osakaniza simenti azimitsidwe, aliyense atseke pakamwa. Anatitenga mpaka kumtunda, pomwe mzere wa mapaipi unali ndi chibowo chotsegula, mtunda wa mapazi ngati makumi atatu kuchokera pomwe panagwa. Anagona chafufumimba m'matope, analowetsa mkono, anamenya paipi katatu ndi kachitsulo kawo kaja. Tonse tinatchera khutu. Ine ndinali nditapinda manja, ndikukonzekera mawu oti ndinene.

Ndiye kuchokera mkati, kutali, kunamveka go, go, go.

Abale, ndinakhala pansi m'matope momwemo ngati mwana. Ndinayang'ana makina anga, mano aja ali ng'aa padzuwa, ndipo ndinaona bwinobwino pomwe ndikanawalowetsa. Mantha ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire.

Nditadzidzimuka ndinatola fosholo n'kuthamangira kungalande kuti ndidumphiremo, ena asanu ali pambuyo panga. Wezulo inaliranso. Ndinatembenuka ndili ndi misozi ndi ukali pamodzi, koma mayiwo anali atandigwira kale lamba.

"Taimani kaye. Khoma linalo likadali ndi mng'alu. Mukufuna tikumbe anthu asanu ndi awiri?"

Anatuma anthu kukazula zitseko za stolo ndi matabwa a mpanda, tinatchinjiriza khoma ndi zimenezo. Anatuma wina kukaitana ambulansi, wina anamuika pachibowo chija kuti azilankhula ndi alamu osalekeza. Anati tizilowa anayi anayi, kusinthana pakatha mphindi khumi, mafosholo pamwamba pokha, tikayandikira tigwiritse manja. Ndipo anati aliyense wolowa akoleke nambala. Ndinathamangira kumakina, ndinakhuthula bokosi la masipanala pansi, ndinaipeza 9 yanga ili ndi girisi. Ndinaikoleka pafupi ndi 27.

Nthawi yanga yosinthana itakwana ndinakana kutuluka, ndipo kameneko kokha mayiwo anandisiya. Tinakumba pafupifupi ola. Dothi lonyowa ndi lolemera ngati simenti, zikhadabo zanga ziwiri zinazuka osamva n'kuwawa komwe. Choyamba kuoneka chinali chidendene cha jombo. Alamu anali atagona chafufumimba, mutu ndi chifuwa zili m'paipi, kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi zili kunja pansi pa dothi. Anachita zomwe tinkaseka zija. Chibaketi changa chikanawadula pakati.

Titawatulutsa, levulo inali m'manja. Ndi imene ankamenyera paipi, ndipo ndi imene anabwererera. Atafika pageti anakumbukira kuti aisiya pansi, anazungulira kuseri kwa milu ya mchenga, anadutsa pansi pa chingwe chofiira. Munthu anaswa lamulo lalikulu, koma laling'ono lija sanaliiwale, anayamba wakoleka nambala. Mwendo unali utathyoka pawiri. Atandiona anati, "Pepani alamu, ndakuchedwetsani ntchito." Ndinafuna kuwamenya khofi ndi kuwakumbatira nthawi imodzi.

Kuchipatala tinakhala pabenchi ya m'khonde, ine ndi Mayi Taimani, tonse matope okhaokha. Iwo anavula chisoti n'kuchiika pamiyendo, ndipo kanali koyamba kuona kuti ali ndi imvi.

"Bambo anga ankakumba zitsime," anatero. "Tsiku lina anapita okha kukamaliza chitsime cha munthu wina. Chinawagwera. Eni ake ankaganiza kuti abwerera kunyumba, ife tinkaganiza kuti agona komweko. Tinawapeza patapita masiku awiri. Adokotala anati tsiku loyamba lonse anali moyo." Anapukuta chisoti chija ndi chikhatho. "Palibe amene ankadziwa kuti pansi pali munthu. Basi, nkhani ya thabwa ndi imeneyo."

Tili pomwepo mlongo wanga anafika, mimba ili kutsogolo, mpango uli m'manja. Anali atamva kale kuti amuna ake ali moyo. Ataona zala zanga zomangidwa mabandeji anagwada pansi pakhonde la chipatala, anandigwira manja n'kuyamba kulira. "Achimwene, akuti munakumba ndi manja. Mwandibweretsera bambo a ana anga." Ine ndinayang'ana Mayi Taimani. Mawu amodzi okha akanakwana. Anthu makumi anayi anamva zomwe ndinawanena, ndipo akanakhala wina akanabweza pomwepo. Iwo anamudzutsa mlongo wanga, anamukhazika pabenchi, n'kunena kuti, "Akumbadi, mayi. Anakana n'kutuluka komwe."

Musaganize kuti anabisa nkhaniyo kuntchito. Mu lipoti lawo analemba zonse, kuti makina analizidwa anthu asanawerengedwe, ndipo ine ndi akapitawo anatiimitsa ntchito sabata ziwiri. Analembanso kulakwa kwawo, kuti anasiya ngalande yoopsa ndi chingwe chokha popanda munthu wolondera. Ndani amadzilembera mlandu yekha? Ine sindinaonepo wina. Mlongo wanga ndinadzamuuza ndekha zoona zake mwana atabadwa, chifukwa kuthokozedwa pa chinthu chimene unatsala pang'ono kuchiwononga kumalemera. Atamva anati, "Ndiye munawathokoza mayiwo?" Ndinazindikira kuti ndinali ndisanatero.

Tinapita tonse Lamlungu lina, ine, mlongo wanga ndi khanda kumsana, ndi alamu akuyendera ndodo. Tinawapeza pakhonde akuthandiza amuna awo kusomeka mabatani pa mayunifolomu a sukulu, atavala magalasi, opanda chisoti, moti ndinatsala pang'ono kuwapitirira. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma nditakhala pampando onse anathawa. Ndinangoti, "Mayi, ndinakulakwirani, ndipo zikomo." Iwo anaseka n'kunena kuti wa tiyi uja akadalipo, tidikire aike ketulo pamoto. Amuna awo anaseka mpaka kutsokomola, kusonyeza kuti nkhani yonse ankaidziwa.

Anagwira ntchito zaka zina zisanu ndi chimodzi, m'malo osiyanasiyana, mpaka maondo anayamba kuwavuta ndipo anapuma. Sanalandirepo mendulo. Ntchito yawo ndi yoti ikayenda bwino palibe chimene chimachitika, ndiye anthu amati munthuyu amangodya ndalama za kampani. Ine ndimawathokoza tsiku lililonse, ndipo sindichita manyazi kunena. Alamu amatsimphina mpaka lero, koma ali moyo, ndi amene amasunga stolo, ndipo mwana uja anabadwa pambuyo pa ngozi chaka chino walemba mayeso.

Pamalo pomwe ndikugwira tsopano woyang'anira chitetezo ndi mnyamata wa sukulu zake, wa kompyuta m'manja, koma thabwa la misomali ndinakhoma ndine, ndipo anandilola. Sabata yatha kapitawo wathu, mwana wamng'ono woti ndingamubereke, anandikuwira kuti nditsitse chibaketi msanga, m'ngalande mulibe munthu, waona yekha. Mtima wanga uja unabwera, koma ndinaumeza. Ndinazimitsa makina, ndinaika kiyi m'thumba, ndinatsika, ndinayenda mpaka pathabwa. Linalibe nambala. Pobwerera ndinamva anyamata akuseka kuseri kwa mulu wa mchenga, wina n'kuitana kuti, "Bambo Taimani, tiyambe?"

Ndinavomera.